Dzina la Mzuzu pa Paketi ya Khofi

Mzinda wa Mzuzu sunayambe ndi khofi ayi. Atsamunda a Colonial Development Corporation anadzabzala mitengo ya tung, tauni n'kumera pomwepo. Ulimi wa tung unafa, dzina linatsala.

Khofi amene timati ngwa Mzuzu amalimidwa kutali, kumapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi ndi ku Viphya. Kale alimi ankagulitsa kudzera ku Smallholder Coffee Authority, bungwe la boma lomwe linadzamira m'ngongole. Mu 1999 alimi anatenga chiwongolero, ndipo mu 2007 anakhazikitsa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Dzina limodzili linawatsegulira misika mpaka kunja. Komabe ine chimandiwawa n'chakuti wogula amaloweza Mzuzu, osamudziwa mayi wa ku Misuku amene anathyola khofiyo.