Amakaniko ndi Mabawuti Ogwidwa ndi Dzimbiri

Kuyambira pamene magalimoto anachuluka m'misewu, ntchito yothetsa nzeru amakaniko yakhala ya kunsi kwa galimoto, kumene kuli sasipenshoni, ndiye kuti masipuling'i ndi zitsulo zimene zimalumikiza mateyala ku thupi la galimoto ndi kuchepetsa kugwedezeka m'mabampu. Mabawuti akumeneko amakhalira kunyowa ndi matope, ndipo popeza dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, limadzaza mipata yonse mpaka bawuti ndi nati zimagwirana nganganga.

Mankhwala akale anali moto. Mu 1903, Edmond Fouché ndi Charles Picard a ku France anakonza chida chowotcherera chimene chimasakaniza mpweya wa okosijeni ndi asetilini, ndipo m'magalaja zinadziwika kuti nati ikatenthedwa mpaka kufiira imafutukuka, dzimbiri n'kusweka, sipanala n'kuyamba kuyenda. Koma lawi lomwelo limapsereza mabushi, timphira timene bawuti imadutsamo, ndiponso limafooketsa chitsulo, kotero kuti bawuti yowotchedwa siyenera kubwezeredwa pamalo pake.

Mafuta opopera otchuka kwambiri, WD-40, anapangidwa mu 1953 ndi kampani ya Rocket Chemical ku San Diego pofuna kuteteza mizinga ya Atlas ku dzimbiri, ndipo anafika m'masitolo mu 1958. Anapeputsadi ntchito, komabe kutchuka kwake kumaposa mphamvu zake, chifukwa bawuti imene yamatirira m'kachubu kachitsulo ka pakati pa bushi mafuta saifikira, ndipo mpaka lero makaniko wodziwa ntchito amaidula ndi sowo n'kuika yatsopano.