Diripi ndi Diso la Namwino ku Mulanje

Kulowetsa madzi m'thupi kudzera mu mtsempha kudayambira pa kolera. Mu 1832, dokotala wina wa ku Leith m'dziko la Scotland, Thomas Latta, adalowetsa madzi amchere mwa mayi wokalamba wodwala kolera amene adali kayakaya. Mayiyo adatsitsimuka, koma Latta atapita kukapuma, kutsegula m'mimba kudayambiranso, palibe adamuitana, ndipo mayiyo adamwalira. Kuyambira tsiku limenelo zidaoneka kuti madziwo paokha sakwanira ngati palibe woyang'anira.

Ku Scotland komweko ndi kumene kudachokera amishoni amene adayambitsa ntchito yomwe lero ndi chipatala cha Mulanje Mission, cha Sinodi ya Blantyre ya CCAP, chomwe chilinso ndi sukulu ya anamwino ndi azamba. Pachipatalachi komanso pa chipatala cha boma cha Mulanje, chinthu chimene chidazolowetsa anthu diripi ndi malungo aakulu. Kwa zaka zambiri mankhwala ake adali kwinini, ndipo kwinini safuna phuma. Amasakanizidwa m'thumba la madzi a shuga n'kumadontha kwa maola 4, chifukwa akathamanga amasokoneza mtima, komanso amatsitsa shuga m'magazi. Namwino ankaima pambali pa bedi, wotchi ili m'manja, akupotokola kagudumu ka pachingwe mpaka madontho atakwana. Thumba la mamililita 500 limafuna madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Ankagwiranso mkono pomwe palowa kanyula: pakatupa kapena kuzizira, ndiye kuti madzi akupita m'mnofu. Usiku, odwala akachuluka, gadiyani wogona pansi ndiye ankathamanga kukanena kuti, “Anesi, madzi atha.” Ntchito ya magadiyani imeneyi siyamikiridwa mokwanira.

Chaka cha 2011 chidasintha zinthu ziwiri. Bungwe la WHO lidalangiza kuti artesunate, yemwe amabayidwa mwachangu pa kanyula, alowe m'malo mwa kwinini ngakhale kwa ana. Kafukufuku wa FEAST ku Uganda, Kenya ndi Tanzania adapezanso kuti kuthamangitsa madzi ambiri mwa ana otentha thupi kwambiri kumaonjezera imfa.

Kolera ndiye amafunabe liwiro. Mliri womwe udayamba mu Malichi 2022 udali usanathe pomwe namondwe Freddy adagumula midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje mu Malichi 2023. Wodwala wouma kwambiri amalandira mamililita 100 a Ringer's lactate pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, namwino akumva kugunda kwa mtsempha pafupipafupi, ndipo akangotha kumeza amayamba kumwa madzi a Thanzi.