Nthoci, Misitu ndi Malinga a ku Karonga

Kumpoto kwa Nyanja ya Malawi kuli cigwa cacikuru ca Angonde. Mfumu yao yaikuru imachedwa Kyungu, ndipo a Kyungu oyamba anakhazikika pa phiri la Mbande, pafupi ndi mtsinje wa Rukuru, ca m'ma 1600.

Angonde sanali kuchinga midzi yao ndi malinga. Nyumba zao zinali kubisika m'kati mwa nthoci, kotero kuti mlendo anali kuyenda pamthunzi kucokera pa khomo lina kufikira pa lina. Ndowe za ng'ombe ndi phulusa la pa moto anali kuzithira pa tsinde pa nthocizo, ndipo nthaka siinali kuguga. Ng'ombe inadyetsa munda, munda nudyetsa mwini wace. Nzeru imeneyi sanaiphunzire kwa mlangizi ai.

Panalinso misitu ya pa manda a mafumu. M'menemo munthu sanali kulowa ndi nkhwangwa, pakuti anali malo a nsembe, ndipo osunga mwambo wace anali akuruakuru a dziko. Msitu wotere sunali wa munthu mmodzi, komabe panalibe wouyesa wopanda mwini.

Malinga anadza ndi malonda. M'caka ca 1884 Monteith Fotheringham anatsegula sitoro ya African Lakes Company pa Karonga. Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo, anamanga linga lace pa Mpata, ndipo anzace Kopakopa ndi Msalemu anamanga ao capafupi. Makoma ace anali a mitengo yomata ndi dothi, okhala ndi ziboo zoombererapo mfuti. M'caka ca 1887 anthu a Mlozi anathira nkhondo Angonde. Ambiri anathawira m'bango pa thamanda la Kambwe, koma adaniwo anayatsa bangolo, ndipo amene anapulumuka moto anagwa m'manja mwa ogwira akapolo kapena m'kamwa mwa ng'ona. Midzi inapsa, minda ya nthoci nisanduka mabwinja.

Azungu a pa sitoro naonso anadzichinga ndi linga. Frederick Lugard anayesa kuthyola linga la Kopakopa m'caka ca 1888, koma analasidwa nalephera. Nkhondoyo inatha mu December 1895, pamene asilikari a Harry Johnston anagumula linga la pa Mpata ndi kupacika Mlozi. Apo nkuti mliri wa 1892 utatha kale ng'ombe zambiri, ndiye kuti obwerera ku mabwinja anayamba kubzala alibe ndowe yomwe.

Boma la Atsamunda linayamba kupatula nkhalango za m'midzi m'caka ca 1926, nilipereka udindo wozisunga kwa anyakwawa. Kwa Angonde cacilendo cinali pepala lokha, cifukwa kusunga msitu pamodzi anakudziwa kale. Lamulo la nkhalango la 1997 linalola midzi kusankha makomiti ace oyang'anira mitengo.

M'caka comweco Sisitala Beatrice Chipeta anayambitsa bungwe lacifundo la Lusubilo, dzina limene m'Cingonde litanthauza ciyembekezo. Nthawi imeneyo matenda a Edzi anali atasiya ana amasiye ambiri m'boma la Karonga. Iye sanafune kuti anawo aleredwe kutali ndi abale ao, koma analimbikitsa anthu a m'midzi kulima minda ya onse, kuti zokolola zace zidyetse ana amasiye m'mudzi momwemo.