Njira zoyenda wapansi ku Chileka ndi Lirangwe: kuchoka pa Michiru kukafika ku Shire

Anthu ambiri a mumzinda wa Blantyre amadziwa Chileka chifukwa cha bwalo la ndege, ndipo Lirangwe amangoiona pazenera la basi popita ku Zalewa, Mwanza kapena Lilongwe. Koma dera lonse loyambira kuseri kwa phiri la Michiru kukafika kumtsinje wa Shire ndi lodzaza ndi tinjira ta wapansi, tina takalekale kuposa misewu ya galimoto. Tinjirati timadutsa m'madera a mafumu aakulu Kuntaja, Kunthembwe, Kapeni, Lundu ndi Chigaru, ndipo munthu wofuna kuongola miyendo Loweruka atha kufikako m'mawa n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.

Choyamba kudziwa n'chakuti dzikoli n'lotsetsereka. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, Chileka ili m'munsi pang'ono, ndipo ukamalowera ku Shire umanka nutsikabe. Kutsikako kumamveka m'thupi, chifukwa kutentha kumawonjezeka, komanso kumaoneka pamitengo. Kumapiri kuli misuku, mombo ndi miwanga, pomwe kuchigwa kumayamba kuoneka milambe, mithethe, bwemba ndi masawu. Mitsinje ya Likhubula, Lunzu ndi Lirangwe yonse imatsata kutsetsereka komweku kukathira mu Shire. Woyenda akasokera, madzi amamuuza komwe kuli kumtunda.

Njira zodziwika bwino kwambiri zili m'phiri la Michiru, lomwe nsonga yake ndi yotalika pafupifupi mamita 1,470. Phirili lili pakati pa mzinda ndi Chileka, ndipo mbali ina ndi malo otetezedwa omwe amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Muli tinjira tatifupi toyenda ndi ana, komanso njira yokwera mpaka pansonga yomwe imadya maola angapo kupita ndi kubwera. Kumwamba kukayera, munthu ali pamwambapo amaona ndege zikutera ku Chileka ngati tizidole, chigwa cha Shire chitayalika kumadzulo, ndipo mapiri a Zomba ndi Mulanje amaonekera chapatali. Anyani ndi apusi savuta kuwaona. Mbawala ndi afisi ankapezekanso m'nkhalangoyi, ngakhale masiku ano zafunika mwayi.

Chambali ya Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, yomwe Akatolika ndi Akhristu ena amakwera popemphera, makamaka Lachisanu Loyera. Njirayi ili ndi malo oimapo okumbutsa masautso a Yesu ndipo imathera pamtanda waukulu womwe umaoneka kuchokera m'madera ambiri a mzindawu. Ndi yotsetsereka ndithu, koma ndi yovuta kusokera ndipo nthawi zambiri pamakhala anthu ena, choncho ndi poyambira pabwino kwa yemwe sanakwerepo phiri.

Chokhumudwitsa pa Michiru n'chakuti nkhalango yatha kwambiri m'zaka zaposachedwapa. Ootcha makala, ocheka matabwa ndi otola nkhuni alowerera mpaka m'kati mwa malo otetezedwa, ndipo pomwe kale munthu ankayenda mumthunzi lero amadutsa pakati pa zitsa ndi maenje a uvuni. N'kosavuta kuloza chala anthu a m'midzi yozungulira, koma matumba a makala omwe amakwezedwa panjinga mbandakucha amalowera ku Chirimba, Ndirande, Chilomoni ndi Machinjiri, m'makhitchini mwa ife a mtauni. Zomwe zidachitika ku Chilobwe m'mwezi wa March 2023, pomwe namondwe wa Freddy adakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu, zikusonyeza zomwe phiri lopanda mitengo lingachite. Pachifukwa chomwechi, si nzeru kulowa m'kati mwa Michiru muli nokha. Yambani mwaonekera kuofesi ya alonda a nkhalango, ndipo muyende ndi mmodzi wa iwo.

Kumidzi yozungulira bwalo la ndege kuyenda n'kofewa. Kuno kulibe mapiri aatali koma timapiri ndi zitunda za miyala, minda ya chimanga ndi nandolo, mitengo ya mango, ndi madimba m'mbali mwa Likhubula. Chomwe chimakometsa ulendo wa kuno ndi mbiri ya malo. Pabwalo la Chileka ndi pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatsikira ndege pa 6 July 1958. Mudzi wa Singano, womwe uli chapafupi, ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, abale omwe adatchukitsa nyimbo za kwela mpaka ku Ulaya. Ku Chileka komweku n'komwe kudachokera Robert Fumulani, yemwe gulu lake loimba lidatenga dzina la mtsinje wa Likhubula, komanso Evison Matafale, yemwe adamwalira mu November 2001, ndi gulu la Black Missionaries. Ndi madera ochepa m'Malawi muno omwe munthu angadutse midzi ya oimba otchuka ochuluka chonchi paulendo wa m'mawa umodzi.

Woyenda m'derali amakumananso ndi mapaipi aakulu a madzi. Madzi ambiri omwe anthu a mu Blantyre amamwa amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, n'kukwezedwa mpaka ku Chileka, komwe makina ena amawakankhanso kuti akwere mtunda wotsalawo. Munthu akatsika yekha ndi miyendo kulowera kumtsinje, n'kulingalira zobwerera chokwera dzuwa lili paliwombo, amamvetsa chifukwa chake mipopi ya mtauni imauma magetsi akangozima.

Kumadzulo kwa Chileka, msewu wakale wopita ku Mwanza umadutsa kwa Kunthembwe kukafika pa Mpatamanga, pomwe Shire amapanikizika pakati pa matanthwe n'kumathamanga mochita thovu. Apa m'pamalire a maboma a Blantyre ndi Neno. Dera la Blantyre lilibe nyanja, ndipo kwa wofuna kuyenda m'mbali mwa madzi palibe malo oposa ano. Ulendo wake ndi wa galimoto kapena njinga yamoto kaye, chifukwa m'patali, kenaka munthu n'kuyenda wapansi m'mphepete mwa mtsinje, pakati pa milambe ndi miyala yosalala ndi madzi. Mkokomo wa mathithi umamveka usanauone mtsinjewo.

Mpatamanga ndi amodzi mwa mathithi omwe adaimitsa David Livingstone mu 1859, pomwe adapeza kuti sitima singakwere Shire mpaka ku nyanja ya Malawi. Iye adawatcha Murchison Cataracts, koma eni dera ankawadziwa ndi mayina awo: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo. Mu 1875, amishoni a Livingstonia adamasula sitima yawo ya Ilala m'zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana adazisenza pamutu kulambalala mathithi onsewa mpaka kumtunda, komwe adakailumikizanso. Amene amayenda m'mbali mwa Shire lero amaponda momwe mudaponda amtengatengawo.

Yemwe akufuna kuona Mpatamanga momwe aliri asachedwe. Boma, mothandizana ndi makampani akunja ndi World Bank, likukonza zomanga damu lopangira magetsi opitirira mamegawati 350 pamalowa. Magetsiwo dziko likuwafuna, palibe angatsutse. Koma damu likadzadzadza, madzi adzakwirira gawo la chigwa, minda, tinjira ndi madooko, ndipo mabanja ena adzasamutsidwa. Boma la Blantyre lidzakhala ndi nyanja yakeyake, koma mathithi ena sadzamvekanso monga kale.

Lirangwe ili pamsewu wa M1, ukapitirira Lunzu usanafike pa Mdeka ndi Zalewa. Kuno dziko n'lotambalala, lotentha ndi louma kuposa Chileka, ndipo mthunzi wodalirika ndi wa mango ndi milambe basi. Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima, yomwe idatsegulidwa mu 1935, imadutsa pano, ndipo tinjira tambiri ta kumidzi timayenda moyandikana nayo. Yendani m'kanjira, osati pakati pa njanji, chifukwa sitima zonyamula katundu zimadutsabe. Kum'mawa kuli msewu wopita ku Chingale ndi Machinga, womwe andale akhala akulonjeza phula kwa zaka zambiri. Woutsata amayenda akuyang'ana phiri la Zomba chakuseri kwake, mbali yomwe anthu odzera msewu wa Blantyre-Zomba saiona.

Kumpoto kuli Matope, m'mbali mwa Shire, pamwamba pa mathithi. Lero ndi malo achete, koma m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 lidali dooko lofunika. Katundu wa kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, ankasenzedwa pamutu kuchokera kumunsi kwa Shire, kudzera mu Blantyre, kukakwezedwa sitima pa Matope. Mpingo wa Anglican udakhazikitsanso mishoni pamalowa. Msewu wa Lunzu ndi Lirangwe womwe timayendamo ndi maminibasi lero udayamba ngati njira ya anthu osenza katunduwo.

Paliponse m'madera awiriwa woyenda amadumpha zigwembe zokumbika ndi madzi. Dothi lokokoloka m'minda yopanda mitengo limatsika ndi Lunzu ndi Lirangwe kukadzaza damu la Nkula, komwe dziko lino lidayamba kupangira magetsi ochokera mu Shire mu 1966, ndipo bungwe la Egenco limawononga ndalama zambiri kuchotsa matopewo. Pakati pa 2007 ndi 2012, ntchito ya COVAMS, yothandizidwa ndi dziko la Japan, idaphunzitsa alimi a kwa Kuntaja ndi Kapeni kukonza mizere yotchinga madzi, kutseka zigwembe ndi kubzala mitengo. M'midzi ina zotsatira zake zikuonekabe, ndipo n'zosangalatsa kuona kankhalango ka mudzi kataphukiranso pachitunda pomwe padali poyera.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira May mpaka August, kukamazizira ndipo udzu utayamba kuuma. Mu October ndi November kuchigwa kumatentha moopsa, kotero woyenda anyamuke kusanache ndipo pofika 10 koloko akhale atapeza mthunzi. M'dzinja timitsinje tooneka touma timadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kutali kumapiri. Madzi akumwa nyamulani okwanira, ndipo chenjerani ndi chitedze m'mathengo a m'mbali mwa mitsinje. Mu Shire musasambe kapena kuima pafupi kwambiri ndi madzi odekha, muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi osayenda muli likodzo.

Njira zambiri za kumidzi zilibe zikwangwani, ndipo zimadutsa m'minda ndi pamakomo pa anthu. Mlendo amapereka moni, amapempha njira, ndipo akakhala pagulu lalikulu amayamba waonekera kwa a mfumu. Kankhalango kowirira komwe kaima pakokha pakati pa minda nthawi zambiri amakhala manda, ndipo salowamo popanda chilolezo. Musajambule munthu musanamufunse. Mnyamata wa m'mudzi akakulondolerani njira mpaka kumtsinje, gwirizanani mtengo musananyamuke.