Chaka Chimene Mzere Unali Mlandu

Agogo anga aakazi ankati akamva mawu oti "malimidwe" ankalavula malovu. Ine ndinkaseka, poti agogo omwewo ndiwo ankatikalipira tikaunga mizere yokhota. Ndinadzamvetsa nditakula, pamene ndinkaphunzira za chuma cha zachilengedwe. Mphunzitsi anatifunsa kuti: boma likalamula chinthu chabwino, n'chifukwa chiyani anthu amachikana?

Nkhaniyi inayambira kutali. M'zaka za m'ma 1930 mphepo inaulutsa dothi la minda yambiri ku America, ndipo akuluakulu a zaulimi m'maiko olamulidwa ndi Angerezi anagwidwa mantha. Kuno ku Nyasaland anawerenga anthu mu 1945 napeza opitirira pang'ono 2 miliyoni. Kwa iwo chiwerengerochi chinali chochititsa nthumanzi: anthu achuluka, nthaka ikukokoloka. (Mu 2018 tinapezeka 17.5 miliyoni pa dziko lomwelo.) Mu 1946 anakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itasautsa anthu a kumwera, Bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbitsa dzanja. Aliyense aunge mizere yopingasa chitunda, akumbe migula, amalize tsiku loikika lisanakwane. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa, ndipo ena anawazulira mbewu m'munda.

Pa pepala nzeruyi inali yoona. Mzere wopingasa umagwira madzi ndi dothi. Koma tiwerenge monga ankawerengera mayi wa m'mudzi. Ntchitoyi inkagwiridwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, nkhokwe itayamba kupepuka. Amuna ambiri anali ku Joni kapena ku Southern Rhodesia, kotero khasu linatsalira amayi ndi okalamba. Thukuta linali la lero, phindu lake la zaka zam'tsogolo, ndipo gawo lina la phindulo linkapita kwa wa kumunsi amene munda wake sunakwiririkenso ndi mchenga. Ku chigwa cha Shire, kumene dziko ndi lathyathyathya ndiponso lotentha, alimi anaona kuti mizere ikuwaumitsira chinyezi, ndipo anakana zolimba mpaka nyengoyo inatchedwa nkhondo ya mitumbira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ku Thyolo ndi Chiradzulu. Kumeneko anthu anapanikizana m'mapiri chifukwa malo abwino anali m'manja mwa eni maesiteti, ena mwa malowo ali tchire lokhalokha. Sir Sidney Abrahams, amene anafufuza za malo mu 1946, analangiza boma kuti ligule malo ogonerawo. Boma linagula ndithu, koma mwaulesi, pamene mlangizi ndi mesenjala ankafika pamunda mothamanga. Munthu wa pa thangata, wosadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pomwepo, akumbirenji mgula? Kuchuluka kwa anthu kumene azungu ankadandaula nako kunali, mbali yaikulu, kuchuluka pa kamalo kamene iwo omwe anawasiyira.

Mu 1953, chaka cha chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mkwiyo wa khasu unakumana ndi wa ndale. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa pampando, inathawira m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi m'busa Michael Scott, inabwezedwa, ndipo inamwalira mu 1954. Zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo mu Ogasiti 1953 zinatenga miyoyo 11. A Congress anapeza chinenero chimene mlimi aliyense ankachimva popanda womasulira.

Ufulu utabwera mu 1964, mizere inakhala. Dr Banda, amene chipani chake chinakwera pamsana pa mkwiyo uja, ankayendera minda n'kumayamikira mizere yoongoka bwino, ndipo anthu anaunga popanda mesenjala. Tsopano alangizi ena akuphunzitsa ulimi wa mtayakhasu: osagaula, osaunga, kungophimba nthaka ndi mapesi. Nditapita kumudzi kukafotokozera amalume zimenezi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati munda wopanda mizere ungatchedwe munda.