Digiri ya licenciatura: zaka ndi ndalama zimathera pati?

Digiri yoyamba ya ku yunivesite kuno ku Mozambique imatchedwa licenciatura. Pa maphunziro ambiri imatenga zaka zinayi, ndipo a udokotala amapitirira apo. Kale kunali ina yaifupi, bacharelato, ya zaka zitatu, koma lamulo la maphunziro apamwamba la 2009 linasiya makwerero atatu okha: licenciatura, mestrado ndi doutoramento. Ndiye wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti akudziwa sukulu yopereka licenciatura m'chaka chimodzi, gwirani thumba lanu zolimba.

Chifukwa chake ndi masamu basi. Phunziro lililonse, lomwe ophunzira amalitcha cadeira, lili ndi muyeso wake wotchedwa crédito. Chaka chimodzi chili ndi ma crédito 60, zaka zinayi 240. Crédito imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito yanu, kuphatikiza a m'kalasi, owerenga panokha ndi olemba mayeso. Mukachulukitsa mupeza maola osachepera 1,500 pa chaka, kapena kuti pafupifupi maola 30 sabata iliyonse, osapumula ngakhale pa Khirisimasi. Inu amene m'mawa muli pa ntchito, madzulo kumunda, dzifunseni kaye kuti maola amenewo muwadula pati. Kumaliza msanga, kunena zoona, ndi kumaliza pa zaka zinayi m'malo mwa zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

Chitseko choyamba ndi setifiketi ya kalasi 12. Amene munalekera panjira mutha kumalizitsa sekondale madzulo kapena kudzera mu pulogalamu ya boma yophunzirira kutali, PESD. Ku Mandimba kuno kuli nkhani ina. Ambiri anawoloka pa Chiponde n'kukaphunzira ku Malawi, ndipo m'sutukesi muli MSCE. Pepala limenelo silingakulowetseni lokha. Liyenera kuyamba ladutsa ku INECE, ofesi ya boma yoona za mayeso ndi masetifiketi, kuti anene kuti likufanana ndi kalasi iti ya kuno. Zimenezi amati equivalência, ndipo si za tsiku limodzi. Yambani miyezi ingapo kulembetsa kusanatsegulidwe. Yang'ananinso dzina. Pa BI palembedwa Saide, pa setifiketi Saidi: kachilembo kamodzi kameneko kakhoza kukubwezani pa windo, chaka n'kupita.

Mayunivesite a boma amene ali m'chigawo chathu cha Niassa ndi awiri. Universidade Rovuma, yomwe inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa pasanu, ili ndi nthambi ku Lichinga, ndipo aphunzitsi ambiri amapita kumeneko. Universidade Lúrio ili ndi sukulu ya zaulimi ku Unango, m'boma la Sanga. Konseku mumalowa polemba mayeso olowera, ndipo malo ndi ochepa kuposa ofuna. Ophunzira masana amalipira zochepa, pomwe a madzulo, pós-laboral, amalipira zambiri mwezi ndi mwezi. Koma musanyengeke ndi kuchepa kwa propina, ndalama imene mumapereka ku sukulu. Kuchokera pa Mandimba kukafika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150 pa msewu wa N13, kudutsa pa Massangulo. Simungapite m'mawa n'kubwera madzulo. Pafunika chipinda, ufa, makala, ndi bulangete lochindikala, poti Lichinga mu Juni sachita masewera. Ndalama zambiri zimathera apo, osati ku ofesi ya sukulu ayi.

Ku Cuamba, Universidade Católica de Moçambique inatsegula sukulu ya zaulimi mu 1999. Si ya boma, ndiye propina ndi yokwera. Komabe kwa munthu wokhala mu Cuamba momwemo, wodya nsima ya pakhomo n'kupalasa njinga kupita ku kalasi, masamu akhoza kutuluka bwino kuposa kukachita lendi kutali.

Njira imene anthu apantchito ambiri akutsata masiku ano ndi yophunzirira kutali. Católica ili nayo, komanso pali UnISCED ya ku Beira, imene maphunziro ake amayendera pa intaneti. Ntchito simusiya, ana simuwasiya, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewo. Koma nayo ili ndi kamwa. Imadya mamega a Movitel kapena Vodacom sabata iliyonse, imafuna foni yabwino kapena kompyuta, ndi potchajira. Musanalembetse, funsani kuti mayeso mukalembera kuti ndiponso kangati pa chaka, kenako muwerengere ya chapa ndi ya pogona. Amene muli m'midzi ya Ngauma, kumene netiweki imagwira pachulu pokha, koperani mabuku onse tsiku limene mwafika pamalo pogwira bwino, musadikire usiku woti mawa ntchito ikufunika. Ndinene mosabisa: njira iyi ndi yotsika mtengo kwa munthu wodziletsa yekha. Palibe belu, palibe mphunzitsi wokuyang'anani m'maso.

Tsopano tengani kope mulembe mtengo wa zaka zonse zinayi, osati wa mwezi woyamba wokha. Muikemo matrícula, ndalama yolembetsera, propina ya miyezi yonse, chindapusa cha kuchedwa kulipira, ndalama yolemberanso mayeso mukalephera, yosindikizira mapepala, ndi yotengera setifiketi kumapeto. Apa pali msampha umene alimi amaudziwa bwino. Ndalama ya fodya, thonje, soya kapena nandolo imabwera kamodzi pa chaka, pomwe sukulu imafuna yake mwezi uliwonse. Kulembetsa nakonso kumagwera kumayambiriro kwa chaka, nkhokwe zitapepuka, feteleza atadya zonse, ana akufuna yunifomu. Choncho mukangogulitsa mbewu patulani ya sukulu nthawi yomweyo, ndipo funsani ngati amalola kulipiriratu miyezi ingapo. Ena amalowa xitique ndi anzawo a kuntchito n'kupempha kuti ulendo wawo wolandira ugwere mwezi wolembetsa. Ndi nzeru yabwino, bola anzanuwo akhale okhulupirika. Boma lilinso ndi Instituto de Bolsas de Estudo, lopereka thandizo kwa ophunzira. Amalengeza nthawi yopempha, ndipo amene mapepala ake ali kale m'manja ndi amene amafika pa nthawi yake.

Zaka zimatayika kwambiri pawiri. Poyamba ndi pa cadeira zomangirirana: simungalowe yachiwiri musanakhoze yoyamba, ndipo zambiri zimaphunzitsidwa kamodzi pa chaka. Kulephera imodzi yotere ndi kudikira chaka chathunthu, uku mukulipirabe. Funsani pa tsiku loyamba kuti ndi ziti, ndipo muziike patsogolo. Mukasamukira ku yunivesite ina, pemphani kuti akuwerengereni cadeira zimene munakhoza kale, pakuti dongosolo la ma crédito analikonzera zimenezi.

Pachiwiri ndi pa monografia, kafukufuku wolemba amene ambiri amamalizira naye digiri. Pali anthu amene anakhoza cadeira zonse koma zaka zikudutsa akungoti "ndikumalizitsa". Sankhani mutu m'chaka chachitatu, ndipo ukhale wapafupi, woti mukaufufuze ndi miyendo yanu: sukulu ya m'mudzi mwanu, msika wa pa malire, minda ya anansi. Pezani wokuyang'anirani msanga asanadzaze. Kugula monografia yolembedwa ndi wina musayese n'komwe, chifukwa pa tsiku la defesa mudzaima nokha pamaso pa aphunzitsi, iwo akufunsa tsamba ndi tsamba. Ndipo poti zonsezi ndi m'Chipwitikizi, ife amene pakhomo timayankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua tizolowere kulemba ndime imodzi tsiku lililonse kuyambira chaka choyamba.

Musanapereke metikali ngakhale imodzi ku sukulu imene simukuidziwa, pemphani kuona chilolezo chake cha boma. Funsaninso ngati maphunziro amene mukufunawo anavomerezedwa ndi CNAQ, bungwe loyesa maphunziro apamwamba, ndipo ngati ndi ophunzirira kutali, ndi INED. Sukulu yoona sikwiya ndi funso limeneli.

Kwa inu aphunzitsi amene mukufuna kuchoka pa N3 kupita pa N1, dziwani kuti setifiketi sikweza malipiro mwezi womwewo. Kusintha giredi kumadikira kuti boma lipeze ndalama zake, ndipo nthawi zina kumachedwa ndithu. Ngati mukutenga ngongole ya sukulu, muiwerengere pa malipiro amene mukulandira lero.