Magetsi athu amamwa mtsinje umodzi

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, dzulo ndinabwerako kuchigayo ndi chimanga chosagaya, ati magetsi kulibe. M'njira monse ndimaganiza komwe vutoli linayambira.

Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi, Shire. Nkula inayamba 1966, Tedzani 1973, Kapichira 2000. Madzi akachepa, mdima. Ife tikadula mitengo n'kumalima m'mbali mwa mitsinje, matope amakadzaza m'madamu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula pa Kapichira, mukukumbuka mmene tinavutikira.

Pano zasinthako. Ku Salima anatsegula magetsi a dzuwa mu 2021, kenako ku Golomoti. Komatu dzuwa limalowa.

Anzathu a ku Kenya, pa Olkaria, chiyambire 1981 akupanga magetsi ndi nthunzi yotentha ya pansi pa nthaka, yosadikira mvula. Akasupe otentha ifenso tili nawo, ku Chiweta ndi pa Mawira ku Nkhotakota. Chovuta n'choti kukumba zitsime zakuya kumadya ndalama zambiri, ndipo utha kukumba osaipeza nthunzi yokwanira.

Podikira zimenezo, ine dzinja lino ndidzala mitengo m'mbali mwa khwawa langa. Inu a m'tauni, pogula thumba la makala muzikumbukira Shire.